Mawu a Chingerezi ndimawadziwa, koma kuwasanja kwandikanika

Wa ku Chawe:

Akuluakulu ndi anzanga nonse, mundithandize nzeru. Ine ndimaperekeza alendo paphiri la Zomba. Ndimawatenga pa Ku Chawe n'kupita nawo ku Williams Falls ndi kudamu la Mulunguzi, ndipo amene miyendo yawo ili yolimba timakafika mpaka ku Chingwe's Hole kapena ku Emperor's View. Masiku opanda alendo ndimathandiza achimwene anga kugulitsa sitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera phiri uja. Chaka chino ndalembetsanso mayeso a MSCE, ndikumatsika madzulo kukaphunzira m'tauni, chifukwa ulendo woyamba Chingerezi ndicho chinanditsekera njira. Mukudziwa inu kuti ngakhale masamu ndi zaulimi utazikhoza bwanji, popanda Chingerezi satifiketi sutenga.

Mawu paokha sandivuta. Mayina a mitengo, a mbalame, a zipatso, ndimawatchula bwinobwino, ena ndinachita kuphunzitsidwa ndi alendo omwewo. Tikakhala pamaso m'pamaso timamvana, pajatu pali manja, pali kuloza, pali kuseka. Koma masiku ano mlendo amayamba wakulembera pa WhatsApp akadali ku Lilongwe kapena ku Cape Maclear, ndipo amalembera anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi, n'kusankha amene wamuyankha zomveka. Apa ndiye pandithina. Ine ndimalemba kuti "You are coming when?" kapena "You are how many?" kapena "You want to see what?" Kwa ine zimenezi n'zomveka ndithu, mawu onse alipo. Koma mayi wina wa ku Holland anandiyankha ndi funso lakenso, kufuna kutsimikiza chimene ndikufunsa, ndipo pambuyo pake ndinamuona akukwera phiri ndi mnzanga wina.

Kusukulu nakonso n'chimodzimodzi. Chimangirizo changa chomaliza chinabwerako chili psuu ndi bolopeni yofiira. Ziganizo zimene anazidula mzere ndi izi: "My brother he sells strawberries", "The visitors which I took them to the dam were happy", ndi "I like very much this job". M'mbali aphunzitsi anangolemba mawu awiri onena kuti kasanjidwe ka mawu n'kolakwika. Sindikuwadandaula ayi, m'kalasimo timadzaza mpaka ena kukhala pazenera, ndipo pofika nthawi yoweruka kumakhala kutada, aliyense akuthamangira kabaza.

Anzanga amati mankhwala ake ndi amodzi, ndisiye kuganiza m'Chichewa, ndiziganiza m'Chingerezi. Koma abale, mutu ndi umodzi womwewu, ndiuuza bwanji kuti lero usinthe? Funso langa ndi ili: kodi pali lamulo lenileni la mmene mawu amatsatirana m'Chingerezi, loti munthu angaligwire n'kumadzikonza yekha? Kapena n'zongoloweza chiganizo chilichonse pachokha mpaka imfa?

Wa ku Chirunga:

Amwene, musadzivute. Lamulo lake ndi lalifupi: mwininkhani, mneni, pamtherankhani. Wochita ayambe, chochitikacho chitsatire, wochitidwa atsirize. Basi. Ndipo anzanuwo sakunama, kumasulira m'mutu ndiko kumapha anthu. Ine Chingerezi sindinachidziwire m'kalasi, ndinachidziwira pa mafilimu ndi pa ndemanga za mpira wa ku England. Mukamamva anthu akulankhula tsiku ndi tsiku khutu limazolowera lokha, chiganizo chopindika chimayamba kukulasani musanadziwe n'komwe chifukwa chake.

Chinanso chimene muyenera kusamala ndi afotokozi. Ife timati "chikwama chachikulu chakuda", dzina patsogolo. Iwo amatembenuza, "a big black bag", ndipo afotokoziwo ali ndi ndondomeko yawo: maganizo ako pa chinthucho, kukula, msinkhu, maonekedwe, mtundu monga kuda kapena kufiira, kumene chinachokera, chimene anapangira, ntchito yake. Lowezani zimenezo, mwathana nazo. Tsitsani mafilimu mukatsikira m'tauni kumene netiweki ili bwino, muzikaonera kuphiriko.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:

Achimwene a ku Chawe, zikomo pofunsa, ndipo zikomo kwambiri poika ziganizo zenizeni zimene zinadulidwa. Ndaphunzitsa Chingerezi ndi Chichewa kusekondale mpaka kupuma, ndipo ziganizo zanu zitatuzo ndinkakumana nazo chaka ndi chaka, kwa ana osiyanasiyana amene sanaonanepo. Zimenezo zikutiuza kuti si umbuli. Zili ndi gwero lake, ndipo gwerolo likadziwika munthu amadzikonza yekha monga mukufunira.

Mwana wathu wa ku Chirunga wanena zoona pa lamulo la wochita, chochitika, wochitidwa. Koma ndisiyana naye pang'ono. Lamulo limenelo ndi lomwenso Chichewa chimatsata tikamalankhula mosatsindika: "Nyani waba chikwama." Ndiye ngati zilankhulo ziwirizi zikufanana pamenepo, n'chifukwa chiyani mukulakwitsabe? Ndipo zoti musiye kuganiza m'Chichewa, ine sindinaonepo munthu amene anakwanitsa chifukwa chouzidwa. Zimabwera zokha patapita zaka. Panopa Chichewa chanucho ndicho chida chimene muli nacho, tiyeni tichigwiritse ntchito.

Tengani nyani uja, poti kwanuko anyani si nkhani yachilendo. Tikaika kachidutswa koti "chi" mkati mwa mneni, tamverani zimene zimachitika. Nyani wachiba chikwama. Chikwama wachiba nyani. Wachiba nyani chikwama. Chikwama nyani wachiba. Mawu ndawasuntha mmene ndafunira, koma palibe Mchewa amene angaganize kuti chikwama ndicho chathawa ndi nyani. Chifukwa chake n'chakuti mneni wathu amanyamula yekha nkhani yonse. "Wa" akuloza nyani, "chi" akuloza chikwama. Akatswiri awiri a zilankhulo, Sam Mchombo, Mmalawi mnzathu amene waphunzitsa zaka zambiri ku Berkeley ku America, ndi Joan Bresnan, anaonetsa mu 1987 kuti kachidutswa kameneka kakakhalapo, mawu atatu otere angasanjidwe m'njira zonse zisanu ndi imodzi chiganizo n'kukhalabe cholondola.

Tsopano onani mneni wa Chingerezi, "stole". Ali yekhayekha, sakukuuzani kuti waba ndani, sakukuuzani kuti chabedwa n'chiyani. Chimene chimanena zimenezo ndi malo basi. Zili ngati minibasi ya ku Limbe: amene wakhala pampando wa chiwongolero ndiye dalaivala, kaya wavala bwanji. "The baboon stole the bag" ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku kuphiri. "The bag stole the baboon" ndi nkhani yoti mupite nayo kwa asing'anga. Kale kwambiri, zaka chikwi zapitazo, Chingerezi nachonso chinali ndi tizidutswa kumapeto kwa mayina tosonyeza wochita ndi wochitidwa, koma tinatha pang'onopang'ono. Zotsalira zake ndi monga "he" ndi "him", "I" ndi "me". Tizidutswato titatha, ntchito yonse inagwera pa malo, n'chifukwa chake Chingerezi chimaumira kwambiri pa kasanjidwe.

Mukamvetsa zimenezi, ziganizo zanu ziwiri zoyamba zamasuka kale. "Achimwene anga amagulitsa sitiroberi." M'chiganizo ichi achimwene atchulidwa kawiri, poyamba ndi dzina, kachiwiri ndi "a" wa mu "amagulitsa". Khutu lanu linazolowera zimenezo kuyambira muli kumsana. Ndiye mukalemba "My brother sells", mumamva ngati chinachake chasowa, n'kuwonjezera "he". Chingerezi chimafuna wochita atchulidwe kamodzi kokha: "My brother sells strawberries." Chodabwitsa n'chakuti gwero lomweli limabalanso vuto lotsutsana nalo. Poti "ndikubwera" ndi liwu limodzi, achinyamata amalemba "Am coming", "Am fine", kumusiya "I" panja. Uku tawonjeza, uku tachotsa, koma nthenda ndi imodzi. Mpando wa wochita m'Chingerezi sukhala wopanda munthu, ndipo sukhala anthu awiri. Ngakhale pamene palibe wochita weniweni, amaikapo kanthu kongosunga malo. Ife timangoti "Kukuzizira", iwo "It is cold". Ife "Kuphiri kuli nkhungu", iwo "There is mist on the mountain". Ndipo pamene ife timati "Kwabwera alendo", kuyamba ndi mneni, iwo sangayerekeze, amati "Visitors have come".

Chiganizo chachiwiri ndi nkhani yomweyo, koma kumbali ya wochitidwa. "Alendo amene ndinawatengera kudamu." Mukumuona "wa" ali pakatipo? Ameneyo ndiye anasanduka "them" m'chimangirizo chanu. Kwa ife ndi Chichewa chabwino. M'Chingerezi alendowo atchulidwa kale kumayambiriro, ndiye malo awo kutsogoloko amasiyidwa opanda kanthu: "The visitors I took to the dam were happy", kapena "whom I took" mukafuna kusangalatsa olemba mayeso. "Which" musungire zinthu, osati anthu.

Chachitatu n'chosavuta. Mneni ndi wochitidwa m'Chingerezi salola kanthu kulowa pakati pawo. Ife timatha kunena kuti "Ndimaikonda kwambiri ntchito imeneyi", ndipo zimakoma. Iwo "very much" amamukankhira kumapeto: "I like this job very much."

Tibwere ku mafunso, poti ndiwo akukudyerani ndalama. M'Chichewa liwu lofunsira limakhala pamalo pomwe yankho lidzakhale. Mubwera liti? Tibwera mawa. Mukufuna chiyani? Tikufuna madzi. "Liti" ndi "mawa" malo amodzi, "chiyani" ndi "madzi" malo amodzi. N'zadongosolo kwambiri, ine ndimati kuposa Chingerezi. Koma Chingerezi chimachita zinthu ziwiri nthawi imodzi. Liwu lofunsira limapita kumayambiriro, kenako mneni wothandiza amadumpha wochita n'kukhala patsogolo pake. "You are coming" amasanduka "When are you coming?" Mwaona "are" wadumpha "you". Aneni othandizawa ndi ochepa, mungawawerenge: am, is, are, was, were, have, has, had, will, would, can, could, shall, should, may, might, must. Mukayang'ana m'chiganizo n'kupeza kuti mulibe ndi mmodzi yemwe, mumakabwereka "do". "You want to see" mulibe wothandiza, ndiye "What do you want to see?" Ndipo "do" akabwera amatenga yekha katundu wa nthawi, mneni weniweni n'kubwerera mmene alili: "Where did you sleep?", osati "did you slept". Pamene sipadumphidwa ndi pamene mukufunsa za wochita mwiniyo: "Who called you?" Za chiwerengero cha alendo lembani "How many people are coming?", ndiyo imamveka bwino.

Za mndandanda wa afotokozi umene mwapatsidwa uja, ndi woona, koma musataye nawo tulo. Si kawirikawiri munthu kuunjika afotokozi anayi pa dzina limodzi. Gwirani chachikulu, kuti afotokozi amene ife timaika pambuyo pa dzina iwo amawaika patsogolo: mwana wanga, ana atatu, phiri ili, njira yaitali, zonsezi zimatembenuka.

Wa ku Chawe:

Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Ndakopera zonse m'kope. Za "a" wa mu "amagulitsa" zija zandiseketsa ndekha, chifukwa n'zoonadi, ndikalemba popanda "he" ndimamva ngati chiganizo chili ndi njala.

Koma pali pena pandisokonezanso. Nditagwira lamulo la kudumpha lija, ndinafuna kulemba mwaulemu, osangomuponyera mlendo funso ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Ndiye ndinalemba kuti "Please tell me when are you coming." Ndinaonetsa mnzanga wina wa m'kalasi amene amakhoza bwino, iye akuti n'zolakwika, "are" abwerere kumene anachoka. Nanga lamulo lija lapita kuti? Dzulo adumphe, lero asadumphe?

Chinanso, ngakhale mwina si nkhani ya kasanjidwe. Kukachita nkhungu sitipita ku Emperor's View chifukwa palibe chimene ungaone. Ndiye mlendo amafunsa kuti "Aren't we going to the view?" Ine ndimati "Yes", kutanthauza kuti eya, sitipita. Iye amanyamula chikwama n'kuyamba kuyenda. Timatha mphindi zingapo tikukokanakokana. Pamenepa cholakwika chili pati?

Mayi wa ku Sadzi:

Mwananga, funso lako loyambalo ndiliyankhe ine, aphunzitsi apume kaye. Ine sindinaphunzitsepo, koma ndatayipa makalata a boma kuno ku Zomba zaka zambiri. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 si maofesi onse amene anapita, ena anatsala, ndipo ntchito ya makalata inalipo yambiri. Masiku amenewo kunalibe zofufuta pa kompyuta. Unkaika mapepala atatu ndi kaboni pakati, ukaphonya liwu limodzi bwana n'kuliona, tsamba lonse uyambirenso. Ndiye tinkaphunzira kusanja chiganizo chonse m'mutu chala chisanagunde batani.

Mnzakoyo akunena zoona. Kudumpha kuja kumachitika pokhapokha funso likaima palokha, lili ndi chizindikiro chake chofunsira kumapeto. Ukangoliika m'mimba mwa chiganizo china, monga "Please tell me", "I would like to know", "I am not sure", silikhalanso funso, lasanduka nkhani wamba. Liwu lofunsira limatsalabe patsogolo, koma enawo amabwerera m'malo mwawo. "Please tell me when you are coming." "I would like to know how many people are coming." "Let me know where you are staying." Ndipo "do" wobwereka uja amabwezedwa kwa eni ake: "What do you want?" koma "Tell me what you want." M'makalata a boma mafunso ambiri ankalembedwa motere, chifukwa kufunsa mwachindunji kunkaoneka ngati mwano. Ine ndinazolowera njira imeneyi ndisanadziwe n'komwe kuti ili ndi lamulo.

Ndikuuzenso china chimene sunafunse. Ife tikamalemba kalata timayamba kutali. Timalonjera, timafotokoza za mvula, timanena chimene chinachititsa, kenako pamapeto penipeni m'pamene timatula chimene tabwerera. Ndi ulemu wathu ndipo ine ndimaukonda. Koma ukautengera m'chiganizo cha Chingerezi umapeza walemba mizere inayi wochita asanaoneke, ndipo pofika pa mneni waiwala kuti unayamba ndi ndani. Anyamata ambiri amene ankabwera kudzatipempha kuti tiwatayipire makalata ofunsira ntchito vuto lawo linali limeneli. Ankayamba ndi "Due to the fact that", n'kumapita, n'kumapita, mpaka chiganizo kufera m'njira. Ine ndinkangotenga pensulo n'kuwafunsa kuti, wachita ndani? Wachita chiyani? Tiyambe pamenepo. Zifukwa zibwere pambuyo, m'chiganizo chakechake.

Pa zokumana ndi alendo ako, malo ayambe, nthawi itsirize: "I will meet you at the bus depot at eight o'clock." Nthawi ukhoza kuiika kumayambiriro kwenikweni ngati ukufuna kuitsindika, "Tomorrow I will meet you at the depot", koma usaiike pakati pa "meet" ndi "you".

Ndipo usanyoze kuloweza. Mauthenga amene umalembera alendo ndi omwewomwewo: mubwera liti, mulipo angati, mugona kuti, mtengo ndi uwu, tengani juzi ndi nsapato zolimba. Uwalembe bwino kamodzi, wina akuonere, uwasunge m'foni. Ukawatumiza kambirimbiri, dzanja lidzayamba kusanja lokha ngakhale uthenga uli watsopano. Ife tinaphunzira choncho, pokopera mafayilo akale, ndipo sitinaone filimu ndi imodzi yomwe.

Wa ku Chirunga:

Amayi ndi aphunzitsi, ndagonja pa zambiri, makamaka za "chi" uja, sindinaziganizepo chonsecho ndimazilankhula tsiku lililonse. Koma pali pamodzi pamene sindikuvomereza. "You are coming when?" si Chingerezi cholakwika. Azungu eni ake amanena, ndawamva ine m'mafilimu. Komanso tisamachite ngati Chingerezi ndi cha ku London kokha. Ku Nigeria ali ndi chawo, ku India ali ndi chawo, ndipo sapepesa kwa munthu. "Am coming" aliyense pa Malawi pano amamva. Bwanji ifeyo tizingodziona olakwa nthawi zonse? Amwene a ku Chawe, mlendo amene wathawa chifukwa cha funso limodzi ameneyo anali kale ndi maganizo ena.

Mphunzitsi wopuma, Domasi:

Mwana wathu wa ku Chirunga, mfundo yanu ya Chingerezi cha kwathu ndi yabwino, ndipo pa bawo tikanakhala pansi n'kuikambirana mpaka dzuwa kulowa. Pakati pa ife tokha, "Am coming" sanaphepo munthu. Koma achimwenewa atchula anthu awiri amene akufuna kuwafika pamtima: wochonga mayeso a MANEB, amene likulu lawo lili mu Zomba momwemuno, ndi mlendo amene sanafikepo ku Malawi. Awiri onsewa Chingerezi cha pa Chinamwali sachiwerengera.

Za "You are coming when?" mwamvadi, sindikutsutsa. Koma mukaonerenso filimuyo mumvetsere nthawi imene amanena. Kawirikawiri amatero munthu akadabwa kapena akafuna kuti mnzake abwereze: wanena kuti ubwera liti? Liwu lomalizalo amalikweza. Ndi funso la munthu amene wauzidwa kale koma sakukhulupirira. Ndiye mlendo akalandira limenelo ngati uthenga woyamba, popanda nkhope yomwetulira ya achimwenewa, akhoza kumva ngati akukalipiridwa. Ndi Chingerezi ndithu, koma ntchito yake ndi ina.

Tsopano za nkhungu zija. Ife "eya" kapena "ayi" wathu amayankha munthu: zimene wanenazo n'zoona, kapena si zoona. Sunadye? Eya, sindinadye. Chingerezi sichiyankha munthu, chimayankha chochitikacho. Ngati kupita kulipo, "yes". Ngati kupita kulibe, "no". Kaya funso linali ndi "not" kaya linalibe, yankho silisintha. "Are we going?" ndi "Aren't we going?" onse yankho lake kukakhala nkhungu ndi "No, we aren't." Njira yodzitetezera ndi yoti musamayankhe ndi liwu limodzi. Muzimaliza: "No, we are not going." Mukamaliza chonchi pakamwa panu padzakana pokha kunena "Yes, we are not", ndipo ngakhale mutanena, mlendo adzamva mbali yachiwiriyo n'kukhazika chikwama pansi. Muchenjerenso ndi "isn't it?" amene timamumata kumapeto kwa chilichonse ngati "eti". M'Chingerezi kamchira kameneka kamasintha motsata mneni wothandiza ndi wochita: "You are tired, aren't you?", "They came yesterday, didn't they?" Pa mayeso amakonda kufunsa zimenezi.

Amayi a ku Sadzi anena kuti pakati pa mneni ndi wochitidwa pasalowe kanthu, ndipo ndi momwemo. Ndingowonjezera za timawu tonena kuti chinthu chimachitika kangati: always, often, never, usually, sometimes. Timeneti timakonda kukhala pakati pa wochita ndi mneni, "I always carry water", koma tikakumana ndi am, is, are, timakhala pambuyo pake, "It is always cold in June". Pamene pali mneni wothandiza timalowa pakati pa awiriwo, "I have never seen a leopard".

Ntchito yoti muchite sabata ino ndi iyi. Tengani nyuzipepala yakale ya Chingerezi, ngakhale imene akukulungirani zinthu kumsika. Sankhani ndime imodzi. Pa chiganizo chilichonse zungulizani wochita, dulani mzere pansi pa mneni. Kenako chisandutseni funso, kenako funsolo mulilowetse mu "Tell me". Ziganizo zisanu pa tsiku zakwana. Mukatero mutilembere uthenga umodzi weniweni umene mukufuna kutumiza kwa mlendo, tiuone.

Wa ku Chawe:

Nawu aphunzitsi, ndi wa banja lina limene likubwera Loweruka kuchokera ku Liwonde:

"Good evening. Please let me know what time you are arriving in Zomba. How many people are coming? I will meet you at Ku Chawe at nine o'clock. The path which we will use it is steep, so please bring strong shoes. It is usually cold in the morning."

Ndauwerenga mokweza kangapo, achimwene anga mpaka afunsa ngati ndayamba kupemphera m'Chingerezi. Sindinautumize, ndikudikira inu.

Mayi wa ku Sadzi:

Wayesetsa mwananga, mafunso onse awiri ali bwino. Pali kachilombo kamodzi kokha. Werenganso pamene pali njira yotsetserekapo: "imene tidzaigwiritse", "i" wapakatiyo wakutsatira mpaka m'Chingerezi. Chotsa "it" amene ali pambuyo pa "use", kuti pakhale "The path which we will use is steep". Ndipo sunatchule mtengo. Uwauze lero lomwe, polemba, kuti ndi zingati pa munthu mmodzi, zisadzakhale zokambirana muli pakati pa phiri.